Moto wa ku Doornfontein

Tikamakamba za amishonale, timafulumira kutchula Livingstone, Robert Laws wa ku Livingstonia ndi Murray wa ku Mvera. Ine ndimati pa mndandandawo pakusowa dzina la dera lina la ku Joni: Doornfontein.

Mu Meyi 1908, John G. Lake ndi Thomas Hezmalhalch anafika ku Johannesburg kuchokera ku America. Anabwera ndi chiphunzitso chomwe chinabuka ku Azusa Street, mu mzinda wa Los Angeles, mu 1906, pansi pa William Seymour, mwana wa makolo omwe anali akapolo. Chiphunzitsocho chinali cha ubatizo wa Mzimu Woyera ndi kulankhula malilime. Lake anali atatumikirapo mu mpingo wa John Alexander Dowie wa ku Zion City, umene unali utafika kale ku South Africa ndi uthenga wa machiritso. N'chifukwa chake khomo loyamba kumutsekukira linali la tchalitchi cha anthu akuda a Ziyoni ku Doornfontein.

Kumeneko kunachitika zosayembekezereka. Azungu anamva mbiri ya machiritso, nabwera kudzakhala m'tchalitchi cha antchito awo. Anthu atachuluka, mapemphero anasamukira mu msewu wa Bree, ndipo mpingo wa Apostolic Faith Mission unabadwa.

Koma umodziwo sunakhalitse. Pofika 1909, atsogoleri achizungu anali atalamula kuti ubatizo wa akuda ndi wa azungu uzichitika padera. Mpingo umene unalandiridwa m'nyumba ya akuda unayamba kuwaona eni nyumba ngati alendo. Tsankholo linakhala zaka zoposa 80, mpaka mu 1996 pamene mpingowo unagwirizananso, Isak Burger nakhala mtsogoleri, Frank Chikane wachiwiri wake.

Akudawo sanadikire 1996. Daniel Nkonyane anapatuka ndi gulu lake. Engenas Lekganyane anayambitsa Zion Christian Church, yomwe lero ndi umodzi mwa mipingo ikuluikulu kumwera kwa Africa. Elias Letwaba anatsalira mu mpingo wakale, natsekula sukulu ya Baibulo ya Patmos.

Nanga ife a ku Malawi zikutikhudza bwanji? Agogo athu ankapita ku migodi, ena pa Wenela, ena paokha wapansi. Pobwerera sankanyamula njinga, bulangete ndi jekete zokha. Ena anabwera ndi mikanjo, ndodo ndi mapemphero a machiritso, nayamba kusonkhanitsa abale pansi pa mtengo. Mu 1908 momwemo, Elliot Kamwana anabwerera ku Nkhata Bay ndi chiphunzitso china, cha Watch Tower, chomwe anachipeza kwa Joseph Booth ku Cape Town, nabatiza anthu zikwizikwi.

Amenewa sanatumidwe ndi komiti ya ku Edinburgh kapena ku London, ndipo ambiri maina awo sanalembedwe. Komabe ine ndimawatcha amishonale. Lake anachoka ku South Africa mu 1913, atakhala zaka zisanu zokha. Amene anawolotsa motowo pa Limpopo ndi Zambezi anali anthu a m'migodi.