Woponya Voti ndi Woima: Zoyenereza pa Chisankho cha Makhansala Kumudzi

Pa 16 Sepitembala 2025 wovota aliyense m'Malawi adalandira mapepala atatu: la mtsogoleri wa dziko, la phungu wa Nyumba ya Malamulo ndi la khansala. Pepala lachitatuli ndi lomwe anthu salilabadira kwenikweni, chonsecho khansala ndiye amayankha za mjigo wakufa, mlatho wokokoloka, msika wopanda zimbudzi ndi sukulu yomwe denga lake lidapita ndi mphepo. Kusalabadirako kuli ndi gwero lake. Dziko litabwerera ku ndale za zipani zambiri tidasankha makhansala mu 2000, nthawi yawo idatha mu 2005, ndipo tidakhala opanda makhansala mpaka zisankho zapatatu za pa 20 Meyi 2014. Zaka zonsezo makhonsolo ankayendetsedwa ndi mabwanamkubwa ndi antchito awo, motero ngakhale mawu ofotokoza za chisankhochi sadazike mizu m'kamwa mwa anthu.

Khansala amaimira wodi, yomwe ndi chigawo cha dera la phungu. Mawodi adalipo 462 mu 2014 ndi mu 2019, ndipo atadulanso malire adakwana 509. Wopambana ndi amene wapeza mavoti ochuluka kuposa anzake, ngakhale atasiyana ndi voti imodzi. Zija za kupitirira theka la mavoti n'za mtsogoleri wa dziko yekha. Khansala akafika ku khonsolo amakapeza mafumu aakulu, omwe amakhala nawo pa zokambirana koma savota.

Tsono woyenera kusankha khansala ndani? Yankho lili mu ndime 77 ya Malamulo Aakulu a dziko lino, ndipo n'lomwelo pa zisankho zonse zitatu. Munthu akhale atakwanitsa zaka 18. Akhale nzika ya Malawi, ngakhale kuti ndimeyi, monga idalembedwera mu 1994, imatchulanso yemwe si nzika koma wakhala m'dziko muno zaka 7. Ndipo akhale ndi chomumangiriza ku dera lomwe akulembetsako: kaya amakhala komweko, kaya adabadwira komweko, kaya amagwirako ntchito, kaya amachitako bizinesi.

Zomangiriza zinayizi n'zofunika kuziona bwino, chifukwa apa ndi pomwe lamulo ndi maganizo a kumudzi amasemphana. Kumudzi munthu amadziwika ndi mtundu wake ndi manda a makolo ake. Mkamwini atha kulima munda wa mkazi wake zaka makumi awiri, koma pa bwalo amamukumbutsabe kuti ndi wobwera. Mtengwa naye chimodzimodzi. Matenanti a m'maesiteti a fodya ku Kasungu, otchola tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, asodzi osamukasamuka m'madoko a nyanja, onsewa amamva mawu oti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Lamulo la zisankho silidziwa zimenezi. Mkamwini ndi wovota wokwanira pa wodi ya kuchikamwini kwake, popeza amakhala komweko. Mphunzitsi wochokera ku Chitipa yemwe adamutumiza ku Nsanje atha kuvota ku Nsanje. Mayi wogulitsa tomato pa msika wa wodi yoyandikana ndi kwawo atha kulembetsa komwe amachitako malondako. Ndikuona kuti apa olemba malamulo adachita mwanzeru, pakuti mjigo ukafa umavutitsa aliyense wotunga pamenepo, osati eni mudzi okha.

Mbali ina ya ufuluwu ili ndi kavuto kake. Popeza wobadwira m'dera ali ndi ufulu wolembetsa komweko, munthu wokhala ku Ndirande kapena ku Area 25 atha kukavota kumudzi komwe amafikako pa maliro pokha. Pa chisankho cha mtsogoleri wa dziko zilibe kanthu. Pa wodi, pomwe mavoti ochepa amasintha zotsatira, magalimoto awiri odzaza ana a kumudzi ochokera m'tauni atha kusankhira khansala anthu otsala. Chomwe lamulo limaletsa n'kulembetsa malo awiri kapena kuvota kawiri. Wosamuka amapempha kuti dzina lake lisamutsidwe pa nthawi yomwe bungwe loyendetsa zisankho la MEC latsegula zoyendera kaundula.

Oletsedwa kulembetsa ndi ochepa: yemwe lamulo lamugamula kuti mutu wake sukuyenda bwino, yemwe ali pa chilango cha imfa, ndi yemwe wapezeka wolakwa pa mlandu wa zachisankho, ndipo uyu chiletso chake chimathera pa chisankho chomwecho. Umphawi, kusaphunzira, ulumali, ngongole ya ku banki m'khonde, ngakhale kukhala mkaidi wa mlandu wamba, palibe chomwe chimalanda munthu voti.

Kukhala woyenera ndi kwina, kutsimikiza kuti ndiwe woyenera ndi kwinanso. Kale pa kalembera munthu ankatha kubwera ndi pasipoti, laisensi, mtchatho wa ukwati kapena kalata ya mfumu. Kalata ya mfumu idathandiza anthu ambiri a kumudzi omwe adalibe pepala lililonse, koma idali ndi zibowo. M'madera a m'malire monga ku Lizulu ndi ku Tsangano, komwe msewu ndiwo umalekanitsa Malawi ndi Mozambique ndipo abale amakhala mbali zonse ziwiri, mfumu ikadakana bwanji mwana wa mlongo wake? Za msinkhu nazonso zinkangoyendera maonekedwe a nkhope. Kalembera wamkulu wa ziphaso zaunzika yemwe bungwe la NRB lidachita mu 2017 adasintha zinthu, ndipo lamulo latsopano la zisankho la 2023 lidanena mosabisa kuti umboni ndi umodzi basi, wa ku NRB. Kalembera wa ovota atayamba mu Okotobala 2024, nkhani idafika ku khoti lalikulu, lomwe lidalamula kuti NRB ipezeke m'malo olembetsera kuti opanda ziphaso athandizidwe pomwepo. Chigamulochi chidali choyenera. Agogo a kumudzi womwe uli kutali ndi boma sangataye ufulu wa m'Malamulo Aakulu chifukwa chosowa ndalama ya kabaza. Pomaliza kaundula adakhala ndi ovota pafupifupi 7.2 miliyoni.

Kwa wovota khomo n'lotakata chomwecho. Kwa wofuna kuima limapanikiza. Ayenera kukhala ndi zaka 21, akhale m'kaundula wa ovota, ndipo adziwe kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali pa zokambirana za khonsolo. Zikalata zake zisainidwe ndi ovota a m'wodi yomweyo, omwe pa chisankho cha 2019 ankafunika kukhala 10. Chipani sichofunika pamaso pa lamulo. Wogwa pa zisankho zachipulula atha kuima payekha, ndipo ambiri apambana motero. Pali ndalama yoperekera zikalata: mu 2019 abambo ankapereka K40,000 ndipo amayi K20,000, pomwe mu 2025 zidakwera kufika K200,000 kwa abambo ndi K100,000 kwa amayi, achinyamata ndi aulumali. Kwa munthu wa m'tauni izi n'zochepa. Kwa mlimi ndi mbuzi zingapo, asadasindikize ndi chithunzi chimodzi chomwe cha kampeni.

Lamulo limakananso yemwe m'zaka 7 zapitazo adapezeka wolakwa pa mlandu wa chinyengo kapena wa zachisankho, yemwe khoti lidamugamula kuti walephera kubweza ngongole zake ndipo silidamumasule, msilikali, wapolisi, ndi aliyense wokhala pa udindo wa boma. Mfundo yomalizayi cholinga chake n'chabwino: woyang'anira ntchito za khonsolo asakhale yemwenso akulipidwa pogwira ntchitozo. Koma taonani omwe imawakhudza kumudzi. Ndi mphunzitsi, mlangizi wa zaulimi, mlangizi wa zaumoyo, anthu omwewo amene amadziwa Chingerezi chofunidwa chija. Kuti aime ayenera kutula ntchito kaye, ndipo ndi ochepa angasiye malipiro a pamwezi ndi penshoni chifukwa cha mpando wa zaka zisanu. N'chifukwa chake m'mawodi ambiri oima amakhala opuma pantchito, ochita malonda a pa tiredingi senta ndi achinyamata omaliza Folomu 4 omwe sadapeze ntchito.

Mfundo ya Chingerezi ndiyo imandivuta kuposa zonse. Oiteteza ali ndi chifukwa chomveka. Bajeti ya khonsolo, malipoti a owerengera ndalama, makontirakiti a omanga milatho, zonse zimalembedwa m'Chingerezi, ndipo khansala wosatha kuziwerenga amangovomereza chilichonse chomwe akuluakulu a ku ofesi amuikira patsogolo. Izi n'zoona. Koma ntchito yaikulu ya khansala wa kumudzi imachitikira pansi pa mtengo, pa msonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) ndi ya m'dera (ADC), m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitumbuka, m'Chisena, m'Chitonga. Mayi yemwe wasunga buku la komiti ya sukulu zaka zambiri osasowetsa ndi tambala yomwe, yemwe amadziwa mudzi uliwonse wopanda madzi, amatsekeredwa kunja chifukwa adalekezera Sitandade 8. Amene amadziwa Chingerezi cha pamsonkhano koma sadziwa njira ya kudambo amadutsa. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidabwera ndi lonjezo la mphamvu ku anthu, ndipo sizikumveka kuti mphamvuzo zizilankhulidwa m'chiyankhulo chomwe eni ake ambiri sachimva. Ngati vuto ndi zikalata, zikalatazo zimasuliridwe. Khonsolo yomwe imakwanitsa kulipira maalawansi a misonkhano ingakwanitsenso kulemba chidule cha bajeti yake m'chiyankhulo cha m'bomalo ndi kuchimata pa msika.

Aphungu omwe adalowa m'Nyumba ya Malamulo mu 2025 ali ndi nthawi yokonza mfundoyi chisankho cha 2030 chisadafike. Asasinthe zaka 21, asasinthe ziletso za milandu ndi za udindo wa boma, koma pa chiyankhulo alembe kuti wofuna ukhansala adziwe kuwerenga ndi kulemba m'Chingerezi kapena m'chiyankhulo cha anthu a m'wodi yake.