"Nkhani ikhale yanu komanso yatsopano": Lamulo lomwe limagwetsa ambiri pa mipikisano ya zolembalemba

Chaka chatha ndinatsala pang'ono kulira pa depoti, anthu akuona. Ndinali nditangotsika minibasi pomwe uthenga unalowa pafoni wondiuza kuti nkhani yanga, yomwe inali itafika kale m'gulu la nkhani 10 zomaliza pa mpikisano wina, yachotsedwa. Chifukwa chake? Miyezi 8 m'mbuyomo ndinali nditaiponya pa Facebook m'zigawo zitatu.

Sindinabe ya munthu ayi. Liwu lililonse linali langa, lolembedwa usiku pa kafoni kosweka galasi. Koma m'malamulo munali mzere wonena kuti nkhani ikhale yoti sinatulukepo kwina kulikonse, ndipo ine mzerewo ndinangoudumpha, maso ali pa mphoto. Ndalamazo ndinkaziwerengera kuti zindibweze ku koleji komwe ndinasiyira panjira fizi itavuta. Safunsa anadya phula, amangwetu.

Ndiye ndati ndilembe zomwe ndaphunzira kuyambira tsiku lija, kuti inu amene mumalemba nkhani ndi ndakatulo musagwe m'dzenje lomwelo.

Lamulo limodzi, mfundo zitatu

Okonza mpikisano akati "ntchito yanu komanso yatsopano", kawirikawiri amakhala akunena zinthu zitatu zosiyana.

Choyamba, ikhale yanu. Inuyo ndi amene munaiganiza ndi kuilemba. Osati mkulu wanu, osati bwenzi, osati makina.

Chachiwiri, ikhale yoti sinatulukepo. Sinasindikizidwe m'buku, m'magazini, m'nyuzipepala kapena pa intaneti pomwe aliyense angaiwerenge.

Chachitatu, ikhale yoti sinapambanepo kwina. Ena amaonjezera kuti musaitumizenso ku mpikisano wina nthawi yomweyo.

Mutha kukhoza choyamba n'kugwa pa chachiwiri. Ndi zomwe zinandichitikira ine.

Kodi kuponya pa Facebook ndi kusindikiza?

Apa ndi pomwe ambirife timapunthwa. Tikamva "kusindikiza" timaganiza za buku la chikuto lomwe lili mu shopu. Koma mipikisano yambiri imatenga kuti chilichonse chomwe gulu la anthu lingathe kuchiwerenga chatuluka kale, kaya ndi pa tsamba lanu la Facebook, pa blog, pa Wattpad, m'magazini ya pasukulu kapena pa tsamba la nkhani zopeka la nyuzipepala ya Loweruka. Mipikisano ina ndi yofewerapo, imalola zomwe munaika pa blog yanuyanu. Ndiye yankho lake silikhala m'mutu mwa mnzanu, lili m'malamulo a mpikisano womwe mukulowawo.

Nanga ndakatulo yomwe munalakatula pa wailesi kapena pa siteji, wina n'kuijambula n'kuiika pa TikTok? Nanga gulu la WhatsApp la anthu 200? Malamulo akapanda kunenapo, alembereni okonza mpikisanowo muwafunse, ndipo yankho lawo mulisunge.

Musadzinamize kuti mukafufuta positi basi nkhani yatha. Anthu amajambula sikirini, ena amagawana, ena amaikopera pa masamba awo osakuuzani n'komwe. Kuisintha mutu kapena kusintha Chikondi kukhala Thoko sikuisandutsa yatsopano. Ngakhale kuimasulira kuchoka m'Chichewa kupita m'Chingerezi sikuti nthawi zonse kumakupulumutsani, poti malamulo ena amanena za kutuluka m'chilankhulo chilichonse.

Kubwereka ndi kuba

Palibe amene amalemba osawerengapo za ena. Nkhani za chikondi, umphawi, ufiti, mwana wamasiye kapena mnyamata wopita ku Joni zilibe mwini. Chomwe chili ndi mwini ndi mmene munthu wazilembera: ziganizo zake, anthu ake, kayendedwe ka nkhani yake. Mukatenga ndime ya wina n'kungosintha mawu awiri atatu, mwaba. Mukatenga nkhani ya ku Nigeria n'kusamutsa zonse kuchoka ku Lagos kubwera ku Limbe, mwaba. Mukamasulira ndakatulo ya wina n'kulembapo dzina lanu, mwabanso.

Ndipo musaganize kuti izi zimangogwira ife oyamba kumene. Mu 2019, Caine Prize, umodzi mwa mipikisano ikuluikulu ya nkhani zazifupi mu Africa, inachotsa nkhani ya Tochukwu Emmanuel Okafor wa ku Nigeria yotchedwa "All Our Lives" pa mndandanda wa nkhani zomaliza. Anati mlembiyo sanatchule gwero lomwe nkhani yake inatsamirapo kwambiri, lomwe linali nkhani ya Laleh Khadivi yotchedwa "Wanderlust". Ku America mu 2006, buku la Kaavya Viswanathan, yemwe panthawiyo anali wophunzira pa Harvard, linachotsedwa m'mashopu zitadziwika kuti ndime zambiri zinkafanana ndi za m'mabuku a Megan McCafferty. Mpaka lero mukasaka mayina awo pa intaneti, nkhani zimenezi zimatuluka.

Nthano za agogo ndi nkhani ina. Kalulu ndi Fisi ndi athu tonse. Koma mpikisano ukafuna nkhani yopeka nokha, kungolemba nthano mmene munaimvera pamoto sikukwanira. Ngati mwaiumba mwatsopano, nenani poyera kuti maziko ake ndi nthano.

Nanga ChatGPT?

Mu Febuluwale 2023, magazini ya ku America ya Clarkesworld inayamba yatseka kulandira nkhani chifukwa inasefukira ndi mazanamazana a nkhani zolembedwa ndi makina. Kuchokera nthawi imeneyo, mipikisano yambiri inaikamo lamulo la AI. Ina imakaniratu, ina imalola zothandiza pa kalembedwe ka mawu basi. Koma ganizo lake ndi limodzi: mpikisano ukuyesa luso lanu. Mukauza makina kuti alembe, inu n'kungokonza apa ndi apo, kenako n'kusaina kuti ntchitoyo ndi yanu, mwanama. Ndipo bodza limenelo likhoza kukupezani mphoto mutadya kale.

Si mipikisano yonse imafuna zosatuluka

Taonani kusiyana kwa iwiriyi.

Commonwealth Short Story Prize imafuna nkhani yosasindikizidwa, ya mawu pakati pa 2,000 ndi 5,000. Kulowa ndi kwaulere, mumatumiza nokha pa intaneti, bola muli ndi zaka 18 kapena kuposa apo ndipo ndinu nzika ya dziko la mu Commonwealth, monga Malawi kapena Zambia. Nthawi yake imakhala kuyambira pa 1 Sepitembala mpaka pa 1 Novembala. Wopambana m'chigawo chilichonse amalandira mapaundi 2,500, ndipo wopambana onse amalandira mapaundi 5,000. Mu 2019, Mbozi Haimbe wa ku Zambia ndi amene anapambana m'chigawo cha Africa.

Caine Prize ndi yosiyana kotheratu. Iyo imafuna nkhani yomwe yasindikizidwa kale, ndipo amene amatumiza ndi wosindikiza, osati mlembi. Mphoto yake ndi mapaundi 10,000. Stanley Onjezani Kenani wa kuno kwathu anafika pa mndandanda wa omaliza kawiri, mu 2008 ndi mu 2012, pomwe Namwali Serpell wa ku Zambia anapambana mu 2015.

Mwaona? Nkhani yomwe ingakanidwe uku chifukwa inatuluka kale, uko ndiye ikufunika ikhale itatuluka. Chomwe sichisintha paliponse ndi chimodzi chokha: ikhale yanu.

Chifukwa chiyani amaumirira chonchi?

Poyamba ndinkangoti ndi nkhanza. Pano ndimamvetsa. Mipikisano yambiri imapereka nkhani kwa oweruza popanda dzina la mlembi, kuti mwana wa ku Mtandire ndi mlembi wotchuka aime pamzere umodzi. Nkhani ikakhala pa intaneti, chinsinsicho chatha. Komanso okonza amafuna kuti iwo kapena anzawo akhale oyamba kutulutsa nkhani zopambana. Mwachitsanzo, zopambana m'zigawo pa Commonwealth zinkatuluka pa tsamba la magazini ya Granta. Chinanso, akasindikiza ntchito yobedwa, mwini wake akhoza kuwatengera kukhoti. Kuno ku Malawi kuli lamulo la Copyright Act la 2016, komanso bungwe la COSOMA lomwe limayang'anira za umwini wa ntchito zaluso.

Musanadine "send"

Werengani malamulo onse mpaka pansi, kawiri. Si aatali kuposa mikangano ya mpira yomwe timawerenga m'makomenti.

Tengani ziganizo ziwiri kapena zitatu za nkhani yanu muzisake pa Google ndi pa Facebook. Mwina munaiwala kuti munaiponyapo, kapena mnzanu anakuponyerani.

Sungani zoyamba zonse: kope, manotsi a pafoni, mafayilo okhala ndi masiku. Tsiku lomwe wina adzakukayikireni, umboni wanu ndi umenewo.

Onani ngati akulola kutumiza nkhani yomweyo kwina. Ngati akulola ndipo yatengedwa uku, auzeni enawo msanga kuti mwaichotsa. Ngati sakulola, sankhani kumodzi. Mapanga awiri avumbwitsa.

Onani kuti nkhaniyo iyenera kukhala yosatuluka mpaka liti. Kawirikawiri si pa tsiku lotumiza lokha, koma mpaka zotsatira zitalengezedwa. Musatumize lero n'kuiponya mawa.

Onaninso zomwe mukupereka. Okonza abwino amangopempha chilolezo chotulutsa nkhani yanu, umwini n'kukhalabe wanu. Mukaona mzere wonena kuti chilichonse chotumizidwa chasanduka chawo mpaka kalekale, ngakhale simunapambane, ganizani kawiri.

Ngati mukufuna maganizo a anzanu musanatumize, tumizirani awiri kapena atatu owakhulupirira ku inbox, muwauze kuti asagawire wina.

Zomwe ndimachita pano

Ndili ndi mafoda awiri pafoni. Ina ndinailemba "za anthu", momwe mumakhala timalemba tomwe ndimaponya kuti ticheze. Inayo ndi "za mpikisano", ndipo zomwe zili mmenemo sizituluka ngakhale zala zitayabwa bwanji. Kunena zoona n'kovuta, chifukwa ukamaliza nkhani umafuna wina aiyamikire pompopompo. Koma ma like omwe ndinapeza pa nkhani ija sanandigulire ngakhale bandulo ya tsiku limodzi.

Nkhani ija ikadali pa tsamba langa, sindinaifufute. Yatsopano ndikuilemba pang'onopang'ono, ndipo musandifunse kuti ikukamba za chiyani. Mudzaiwerenga oweruza akamaliza.