Lifuwu: Mudzi wa Mpunga M'mbali mwa Nyanja

Pa tsiku la Idi mpunga susowa pa mphasa zathu, koma ana ambiri sadziwa kumene unachokera. Tiyeni tiwakumbutse.

Cha m'ma 1840 Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota. Aswahili amene anabwera naye anafalitsa Chisilamu ndi ulimi wa mpunga m'mbali mwa nyanja. Patapita nthawi makolo athu a Chiyao anafika kuno ku Salima kuchokera kutsidya kwa nyanja, nakhala pakati pa Achewa. Tisabise: masiku amenewo kunalinso malonda a minyanga ndi a akapolo. Malondawo anatha, koma mpunga unatsala.

Makolo ankalima m'madambo podalira mvula. Ntchito ikachuluka ankaitana dima: lero tonse m'munda mwa uyu, mawa mwa uje. Mvula ikavuta, nyanja inkatipulumutsa ndi usipa ndi utaka.

Njanji itafika ku Salima mu 1935, thonje ndi mpunga zinapeza njira ya ku Blantyre. M'nthawi ya Kamuzu boma linatsegula sikimu ya mthirira ku Lifuwu, banja lililonse nkupatsidwa gawo lake, madzi akuchokera m'ngalande imodzi. ADMARC, yomwe inakhazikitsidwa mu 1971, ndiyo inkagula zokolola. Misika itamasulidwa, mavenda anayamba kufika mpaka pakhomo.

Apa ndi pamene tiyenera kuchenjera. Wotenga katapila mu Januwale amagulitsa mpunga wake usanache, ndipo pokolola amaona matumba akukwera galimoto ya wina. Chilala cha 1992 ndi njala ya 2002 zinatiphunzitsa kuti nyumba yopanda nkhokwe imagwada msanga.

Ngalande ilibe mwini mmodzi. Wakumtunda akatseka madzi usiku, wakumunsi nazale yake imauma, ndipo Lachisanu awiriwa amaima mzere umodzi mu mzikiti. Ayang'anana bwanji?

Choncho ife a komiti tikupempha zinthu zitatu. Tsiku lolambula ngalande, khomo lililonse litumize munthu. Mbewu ya faya ndi kilombero tisunge, tisagulitse yonse. Ndipo popereka zaka ya zokolola, tiyambire amasiye a m'mudzi mwathu momwemuno, amene minda yawo kale inkalimidwa pa dima.

Idi yabwino kwa nonse. Allah atidalitsire minda yathu.