Musaikwece ngwee ya ambuya

Pamene tinali kusamutsa katundu wa ambuya ku Matero, tinapeza kacitini ka dzimbili pansi pa sutukesi. Mkati munali mabatani, singano ziwili na makobili okwana 30, ambili akuda bii, ena obiliwila. Ine n'nacita cimene ambili a imwe mukanacita. N'natenga mandimu na mcele, n'kukweca atatu na sitiliwulo ya mapoto mpaka anawala. Patapita milungu ingapo, mdala wina amene amasunga ndalama zakale anabwela ku wailesi kumene nimathandizila, ndipo n'namuonetsa monyadila. Anangopukusa mutu. Atatu owala aja anawakankhila pambali, n'kuyamba kuyang'anitsitsa akuda.

Mu kacitini kaja munali maboma atatu. Akale kwambili anali mapeni aciboo pakati, ojambulidwa njovu ziwili na mau akuti Rhodesia and Nyasaland. Awa ni a nthawi ya Federation, imene inayamba mu 1953 n'kutha mu 1963, ndipo makobili ake anayamba kutuluka mu 1955. Hafu peni yake ili na nyamalikiti. Ufulu utabwela mu 1964 tinapitilizabe kuwelenga mapaundi na mashilini, n'cifukwa cake kuli peni ya 1966 yolembedwa Zambia koma ikali na ciboo monga ya atsamunda. Kwacha na ngwee zinalowa pa 16 January 1968, paundi imodzi n'kusinthidwa na makwacha awili. Pa 1 ngwee anaikapo kanyama kokumba maenje kamene kamadya ciswe, pa 2 ngwee ciombankhanga, ndipo kutsogolo nkhope ya Kenneth Kaunda.

Makobili ofiila amenewa ni a bulonzi, kutanthauza mkuwa wosakaniza na tini na zinki pang'ono. Koma si onse. Tengani maginito muyese. Ngwee za 1968 mpaka 1978 sizimamatila, koma za 1982 na 1983 zimamatila, cifukwa mkati ni citsulo, mkuwa anangokuta pamwamba. Maiko ena anacitanso cimodzimodzi pamene mkuwa wa m'kobili unayamba kudula kupambana kobiliyo: America inasinthila ku zinki mu 1982, Britain ku citsulo mu 1992. Koma kwa ise, dziko la Kopala, nimaona kuti maginito aja amakamba zambili za mmene zinthu zinalili zaka zija, mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975 ndipo mizele ya sopo na saladi itatalika.

Nanga mdala uja anali kufuna ciani pa akudawo? Anali kuona mmene kobili yathela. Osunga ndalama zakale sayamba na caka, amayamba na malo okwela pa cithunzi, amene zala na matumba zimayamba kudya. Pa ngwee ni tsitsi na khutu la Kaunda, pa peni ya Federation ni makutu na makwinya a njovu. Ngati cithunzi cioneka koma zing'onozing'ono zafafanizika, amati Fine. Ngati zambili zikalipo ni Very Fine, ngati zangokhudzidwa pang'ono ni Extremely Fine, ndipo imene sinayendepo m'manja ni Uncirculated. Ku America amawelenga na manambala, kucokela pa 1 kufika pa 70. Njila imeneyi anaiyambitsa William Sheldon mu 1949, ndipo anaipangila makobili a mkuwa eni-eni, masenti aakulu akale a kwao. Pa mkuwa amaonjezanso mtundu: wofiila monga tsiku limene unatuluka, wofiila moyamba kuda, kapena wa khofi.

Apa m'pamene panali mlandu wanga. Liu lakuti ngwee litanthauza kuwala, conco mutu umatiuza kuti ngwee yabwino ni yowala. Koma kuda kwa khofi kuja si litsilo. Mkuwa ukakumana na mpweya umapanga khungu lopyapyala lolimba, limene amacha patina, ndipo khungu limeneli limateteza za mkati. Asidi wa mandimu, viniga kapena zakumwa za kola amalisenga, sitiliwulo n'kusiya tumizela tumene tumaonekela bwino pa galasi lokuzila zinthu. Kobili imatsala na mtundu wa pinki umene wodziwa amauzindikila ali patali. Makampani opima makobili saipatsa nambala yoteloyo, amangolemba kuti inatsukidwa, ndipo mtengo umatsika. Khungu la zaka 60 simungalibweze na mafuta kapena utsi.

Kubiliwila nakonso kuli pawili. Kulipo kolimba, kosalala, kosacoka mukakhudza. Kumeneku n'kumene mumaona pa mkuwa wokhala nthawi yaitali m'nthaka, monga mitanda ya mkuwa imene inafukulidwa pa Ingombe Ilede, pafupi na pamene Lusitu amathila mu Zambezi, pamene anchito anali kukumba malo a thanki ya madzi mu 1960. Mitanda ija inali cuma ca malonda zaka mazana angapo Azungu asanabwele na mapeni ao, ndipo ku myuziyamu palibe amene amaganiza zoikweca. Kubiliwila kwina n'kotuwa, kofewa monga ufa, kumakhala m'tumaenje. Uku ndiye kudwala kwa bulonzi. Kumayamba na mcele: kloraidi ikalowa mu mkuwa n'kukumana na cinyezi, imapanga asidi amene amadya kobili mkati, ufa n'kumatuluka mobwelezabweleza. Ufa umenewu ukagwela pa ina, nayonso iyamba. Manje ganizilani kuti ine n'nathila mcele na manja anga.

Zocita n'zocepa. Gwilani kobili m'mphepete, cifukwa thukuta lili na mcele ndipo cala cimasiya cidindo cosacoka. Ngati ili na dothi, iviikeni m'madzi osungunulidwa, aja othila mu batile ya motoka, kwa masiku angapo uku mukusintha madziwo, ndipo dothi likafewa licotseni na kamtengo kotokosela m'mano. Mafuta na zomata za pulasitiki yofewa zimacoka na asetoni weniweni, osati wocotsela utoto wa zikhadabo amene ali na mafuta onunkhila. Iumitseni bwino popanda kupukuta, iliyonse m'kaenvulopu kake, kutali na khoma la cinyezi, makamaka m'dzinja. Yodwala ipatuleni. Za citsulo za 1982 na 1983 musaziviike konse, zimacita dzimbili.

Ponena za ndalama, musamvele mphekesela za m'mabasi zakuti peni yaciboo ingakugulileni nyumba ku Kabulonga. Anazipanga zambili, ndipo yothatha mtengo wake ni wocepa. Zimene zimakwelako ni zosayenda m'manja komanso zosatsukidwa. Mdala uja anasankha 2 ngwee imodzi ya 1968, yakuda mofanana mbali zonse, nthenga za ciombankhanga zikali kuwelengeka, n'kunena kuti ndiyo yabwino kupambana zonse za m'citini. Atatu anga owala aja n'nawaika pa windo la ku kicini. Mvula itayamba, imodzi inatulutsa ufa wobiliwila pafupi na ciboo, pansi pa mwendo wa njovu.