Mgwirizano, dima ndi thangata

Mabungwe a m'dera akamvana zoti azigwiritsa ntchito nyumba imodzi, amati apanga mgwirizano. Tsinde la mawuwa ndi -gwir-, kugwira ndi dzanja. Chakumapeto kwake kuli kachidutswa -an-, komwe timakamvanso mu kukondana, kubwerekana ngakhalenso kumenyana. Kachidutswaka kamafuna mbali ziwiri, aliyense akuchitira mnzake. N'chifukwa chake munthu sagwirizana yekha.

Makolo athu ankazidziwa izi kudzera m'dima. Mawu akuti dima ndi apachibale ndi kulima: l wasanduka d, monga zimachitikira pa duwa ndi maluwa. Mwini munda ankafulula mowa kapena thobwa, anansi n'kubwera ndi makasu awo, tsiku lina gulu lomwelo n'kukagwera m'munda mwa wina. Kumeneko kunali kuthangatana.

Tsono tachotsani -an- pa kuthangatana. Patsala kuthangata, mawu abwinobwino otanthauza kuthandiza. Koma mu ulamuliro wa atsamunda, eni minda ikuluikulu ya ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba anawatenga mawuwa n'kuwapatsa ntchito ina. Thangata inakhala ntchito yokakamiza imene munthu wokhala pamalo a mzungu ankagwira m'malo mwa lendi, ndipo inkagwa nthawi yadzinja, pomwe munda wake ukumira m'tchire. Mzungu sankabwera kudzabwezera khasu. Ku Magomero, pa minda ya A. L. Bruce, nkhanzazi zinafika poti mu Januwale 1915 anthu a John Chilembwe anapha woyang'anira mindayo, William Jervis Livingstone. Lamulo linathetsa thangata mu 1962, koma kuwawa kwa mawuwa sikunathe. Matipate atabwera mu 1994, ambiri ankakana kuumba njerwa za sukulu kapena kulambula msewu, amvekere, "Imeneyo ndi thangata." Ena ankawanena ulesi. Ine ndimati anthuwo ankangofunsa kuti mbali inayo ibweretsa chiyani.

Funso lomweli lilipo lero m'midzi ndi m'makwalala mwathu. Taonani tchalitchi chimodzi cha njerwa zootcha: m'mawa muli ana a mkombaphala, masana amayi a banki m'khonde akuwerenga masheya, kamodzi pamwezi alangizi a zaumoyo akukoleka sikelo ya ana pamtengo wapanja, ndiye komiti ya chitukuko nayo imakumana momwemo mvula ikagwa. Nyumbayo yasanduka bwalo. Pajatu bwalo ndi malo oyera, osesedwa, ofikapo aliyense, n'chifukwa chake mawuwa anakwanira pa milandu, pa gule, pa mpira mpaka pa ndege. Koma bwalo siliyera lokha. Akusesa ndani? Lata likadontha, chimbudzi chikadzaza, asonkha ndani? Kawirikawiri ndi amayi omwewo a pampingo, pomwe bungwe lobwera pagalimoto langopachika chinsalu cha dzina lake, kujambula zithunzi n'kumapita.

Choncho inu a m'makomiti, musanasainirane pepala lililonse, khalani pansi mulembe poyera kuti bungwe lililonse lizichita chiyani: losesa, logula choko ndi sopo, lokonza denga, losunga kiyi. Bungwe limene dzina lake silikupezeka pamndandandawo lisatchule mawu akuti mgwirizano.