Nkhosa za pa Stora Karlsö zili pa ntchito

Kanema uja wazungulira mokwanira pa gulu lathu la WhatsApp, ndiye ndati ndiyankhe pano kamodzi. Kwa amene simunamuone: achimwene athu ena anakwera boti ku Klintehamn kupita ku Stora Karlsö, kachilumba ka kumadzulo kwa Gotland ku Sweden kuno, n'kukapeza nkhosa zikudya msipu, pambali pake pali mulu wa zitsamba zodulidwa. Iwo basi kujambula, mawu pamwamba: "Onani, kunonso anthu alowerera malo otetezedwa, koma akabwera kwathu amatinena za mitengo." Ena kuseka, ena kuvomereza, wina mpaka kuti nkhaniyi ikafike kupolisi.

Achimwene, pepani. Nkhosazo anaziika dala, ndipo odula zitsambazo ndi omwe amasamala chilumbacho.

Za allemansrätten, ufulu wa aliyense woyenda m'tchire, sindinenapo, tonse tinazimva ku SFI, sukulu ya Chiswidishi, mpaka kutopa nazo. Chimene sanatiuze kumeneko ndi chakuti malo ambiri a m'mphepete mwa nyanja amene amalembedwa kuti naturreservat, kutanthauza malo otetezedwa, sanakhalepo thengo lopanda munthu. Ndi mabusa akale, madambo otchetchamo udzu, madooko a asodzi. Chimene boma likuteteza pamenepo nthawi zambiri ndi chimene khasu, chikwakwa ndi pakamwa pa chiweto zinapanga.

Tiyambe ndi Stora Karlsö yemweyo. M'phanga la Stora Förvar anafukulamo mafupa osonyeza kuti alenje a nyama za m'nyanja zija amati säl ankagonamo zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Kenako alimi a ku Gotland anasandutsa chilumbachi busa la nkhosa. Katswiri wa zomera Carl von Linné atafika mu 1741 anapeza malo oyera mbee, moti mtengo umodzi wa ask umene anauona anthu amautchulabe ndi dzina lake. M'zaka za m'ma 1800 vuto linali mfuti: anthu ankabwera kudzaombera mbalame za m'matanthwe, makamaka sillgrissla, ena kutola mazira, mpaka zinatsala zowerengeka. Mu 1880 bambo wina dzina lake Willy Wöhler anayambitsa bungwe la Karlsö Jagt- och Djurskyddsförening kuti ligule chilumbacho. Inde, bungwe la alenje. Anthu akamati Stora Karlsö ndi amodzi mwa malo otetezedwa akalekale pa dziko lonse, amawerengera pamenepo, ngakhale kuti dzina la naturreservat linabwera mu 1970.

Wöhler ndi anzake analetsa kuombera mbalamezo, anachotsa nkhosa, anabzala mitengo. Mbalame zinabwerera, lero zili masauzandemasauzande. Koma nkhosa zitachoka, zitsamba za en, zija zobaya zokhala ngati timikungudza, zinayamba kuyenda. Chaka ndi chaka zinkadya malo, maluwa okonda dzuwa n'kumasowa pomera. M'ma 1990 anabwezamo nkhosa. Mukakhala pa boti tayang'anani Lilla Karlsö, chilumba chaching'ono cha pambali pake, chimene bungwe la Naturskyddsföreningen linagula mu 1954. Kumeneko nkhosa sizinachokeko, ndipo kusiyana kwake kumaoneka ndi maso.

Phunziro lowawa kwambiri analitengera ku Ängsö, kachilumba ka ku Roslagen, kumpoto kwa Stockholm. Mu 1909 Sweden inakhazikitsa mapaki ake oyamba asanu ndi anayi, oyambanso mu Europe, ndipo Ängsö inali m'gulumo chifukwa cha madambo ake a maluwa. Akatswiri a nthawiyo anaganiza kuti maluwawo angasangalale koposa mlimi wa pachilumbapo atasiya kutchetcha ndi kudyetsapo ziweto. Anamuletsa. Patapita zaka makumi ochepa, dambo limene ankaliteteza lija linasanduka tchire. Anachita kubwerera ndi nkhwangwa, kugwetsa mitengo, kuitananso ng'ombe. Lero mukapitako cha mu Meyi mukapeza maluwa aja amati Adam och Eva ali mbuu, ofiira ndi achikasu, chifukwa pali anthu amene amatchetcha dambolo chaka chilichonse.

Pamenepa ndimawagomera anthu a kuno, ngakhale amanditopetsa ndi misonkhano yawo yosatha. Akalakwa satukwanana pa wailesi. Amakhala chete zaka makumi atatu, kenako amalemba chikalata, cholakwacho n'kuchiika pa chikwangwani kuti mlendo aliyense awerenge.

Chinanso chimene timaiwala: Sweden inali dziko la amphawi. Anthu oposa miliyoni imodzi anathawira ku America kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1800, ndipo otsala pa zilumba anadzasamukira m'matauni mafakitale atachuluka. Munthu akachoka, ng'ombe imachoka naye. N'chifukwa chake nkhawa ya länsstyrelsen, ofesi ya boma ya m'chigawo, pa zilumba zambiri ndi tchire lolowerera, osati anthu olowerera. Lamulo la 1964 ndi limene linabweretsa naturreservat, lero alipo oposa 5,000, ndipo aliyense ali ndi malamulo akeake ndi dongosolo la kasamalidwe: ziweto zidye pati, zitsamba zidulidwe pati. Mlimi wobweretsa ng'ombe zake amalandira ndalama. Malo ena eni ake ndi anthu wamba kapena mpingo, osati boma.

Ndikumvetsa chifukwa chimene kanemayu watigwirira mtima. Kwathu ku Malawi mawu oti paki amatanthauza waya, mlonda wa mfuti, mayi wolandidwa chikwanje ndi mtolo wa nkhuni. Nyika itakulitsidwa mu 1978 midzi inasamutsidwa, ndipo ana a anthu amenewo akadali ndi nkhaniyo m'kamwa. Ife tinakula tikudziwa kuti chiweto m'paki ndi mlandu, ndiye maso athu akaona nkhosa amaona mlandu. Komatu ngakhale kwathu sizili choncho ponseponse. Mudzi wa Chembe ku Cape Maclear wazunguliridwa ndi Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo asodzi akadali pomwepo ndi mabwato awo. Pa Nyika pomwepo oyang'anira paki amatentha udzu dala nthawi yake ikakwana.

Koma wina asatenge nkhaniyi kukatetezera makala a ku Dzalanyama, chonde. Wodula en pa Stora Karlsö akutsatira mapu, ndipo madzulo akaphikira pa magetsi. Wootcha makala kwathu akutsatira msika wa ku Lilongwe, umene sukhuta, chifukwa ife a m'tauni ndi amene timagula. Choyenera kutenga kuno n'chakuti asanamuthamangitse munthu pa malo, azifunsa kaye kuti kodi chokongola chimene akuchionacho sichinapangidwe ndi munthu yemweyo.

Ngati mukufuna zokakunenezani pa zilumba zimenezi, zilipo, ndipo si nkhosa. Kusiya kageti kotsegula ziweto n'kutuluka. Kukoleza moto pa thanthwe, chifukwa limang'aluka ndipo silibwereranso. Kumasula galu. Kuthyola maluwa a mtundu wa orkidé, amene ndi oletsedwa m'dziko lonse. Chachikulu, kulowa malo otsekedwa nthawi imene mbalame zikuswa. Ku Ängsö mbali ina amaitseka kuyambira mu Febuluwale mpaka pakati pa Ogasiti. Chikwangwani cha padooko chimanena zonsezi, ndipo cha chilumba china sichigwira ntchito pa chilumba chinzake.

Ofuna Stora Karlsö pitani kumapeto kwa Juni kapena kumayambiriro kwa Julayi, ndipo mukagone komweko. Madzulo ake ana a sillgrissla, asanadziwe n'kuuluka komwe, amadziponya kuchokera pamwamba pa matanthwe kutsatira atate awo amene amawaitana ali pa madzi. Malo a pa boti sungitsani msanga, amatha.