Mmene Yunivesite ya Malawi Idakonzera Aphunzitsi Ake

Anzanga amene tidamwa madzi a chitsime chimodzi, ambiri a ife titachoka pa sukulu yathu tidakapitiriza maphunziro ku Yunivesite ya Malawi. Lero ndati tikumbutsane kumene kudachokera aphunzitsi amene adatisula kumeneko.

Yunivesiteyi idakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, ndipo maphunziro adayamba mu Seputembala 1965 ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, ndi ophunzira pafupifupi 90. Mkulu wake woyamba adali Dr Ian Michael wa ku Mangalande, ndipo aphunzitsi ambiri adali ochokera kunja, poti Amalawi a madigiri apamwamba adali owerengeka. Pofika 1967 padali makoleji asanu: Chancellor, Soche Hill, Mpemba, Polytechnic ndi Bunda. Mu 1973 Chancellor idasamukira ku Zomba pamodzi ndi Soche Hill ndi Mpemba.

Akuluakulu adadziwa kuti mlendo sakhalitsa. Choncho wophunzira amene wakhoza bwino koposa ankamusunga kuti azithandiza kuphunzitsa, kenaka nkumutumiza ku Mangalande, ku Amereka kapena ku Canada kukatenga digiri yachiwiri ndi yachitatu. Kukonza mphunzitsi mmodzi motere kunkatenga zaka zambiri ndi ndalama zochuluka. Zipatso zake zidaoneka pang'onopang'ono, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 Pulofesa Brown Chimphamba adakhala Mmalawi woyamba kutsogolera yunivesiteyi.

Koma kukonza mphunzitsi ndi kwina, kumusunga ndi kwinanso. M'zaka za m'ma 1970 aphunzitsi ena adatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Dr Jack Mapanje, amene adatenga digiri yachitatu ku London mu 1983, adamangidwa mu 1987 nakakhala ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991, ndipo atatuluka adapita ku Mangalande. Enanso adapita ku Botswana ndi maiko ena kufuna malipiro abwino. Mu 2011 maphunziro adaima kwa miyezi yambiri ku Chancellor, apolisi atafunsa Dr Blessings Chinsinga za chitsanzo chimene adapereka m'kalasi. Ine ndimaona kuti mphunzitsi wamantha saphunzitsa zonse zimene akudziwa, ndipo woluza ndi mwana amene ali pa benchi.

Bunda idapatuka nkukhala LUANAR, ndipo mu 2021 yunivesite yakale ija idagawidwa patatu: UNIMA, MUBAS ndi KUHeS. Mayunivesite achuluka, ophunzira achulukanso, koma mphunzitsi wabwino samera m'chaka chimodzi ngati chimanga.

Nchifukwa chake ndikupempha inu anzanga, makamaka amene mukuphunzitsa m'makoleji: mukaona mwana wanzeru wochokera ku sukulu yathu, mugwireni dzanja, muuzeni za mwayi wa maphunziro apamwamba, ndipo mumulimbikitse kuti akamaliza adzabwerere kudzaphunzitsa. Mmera mpoyamba. Amene adatiphunzitsa ife nawonso adachita kugwiridwa dzanja.